Sefa ya Njinga ndi Matiresi a Zouera

Lolemba, 14 Januwale

Mwana wabadwa dzulo. Wamkazi. Amene wandiuza si mkazi wanga Zouera ayi, ndi mng'ono wake Hadiza, pafoni, monong'ona.

Ndisanafunse n'komwe kuti wafanana ndi yani, apongozi, Malam Chaibou, alanda foniyo. "Dzina tipereka Lamulungu m'mawa, tikangotuluka mumzikiti. Ukabwera ndi nkhosa yozinga pa mwambowo, ndiwe bambo wake. Ukapanda kubwera, usadzavutikenso kudzatenga mkazi." N'kudula.

Miyezi isanu Z. ali kwawo. Anthu ndimawauza kuti anapita kukachira, poti mwana woyamba amabadwira kwa agogo ake. Zoona zake n'zoti ndinagulitsa mbuzi zake zitatu osamufunsa, n'kugulira njinga yamoto yakaleyi kwa munthu wina wochokera kumigodi ya golide.

Nkhosa ilipo, ndaweta ndekha. Vuto ndi njira. Makilomita 130, mchenga wokhawokha. Lole yopita kumeneko imadutsa Lolemba lokha, ndipo pamene foni imalira ya lero inali itapita kale. Ndatsala ndi njinga.

Lachiwiri, 15 Januwale

Mphepo ya fumbi yafika. Ana m'kalasi kutsokomola tsiku lonse, ine kuphunzitsa zimene sindikuzikumbukanso.

Njinga ndaponda kiki kakhumi ndi kanayi isanalire. Italira, utsi wabuluu kumbuyo tolo! Pachitunda cha kuchitsime yazima, ndachita kukankha amayi otunga madzi akundiyang'ana. Mantha andigwira.

Lachitatu, 16 Januwale

Ndapita nayo kwa Sanoussi, makaniko wa pansi pa mtengo kumsika. Wamasula chivundikiro cha m'mbali, n'kungoima. M'bokosi mopanda kanthu. Wapisamo dzanja, watulutsa mchenga wodzaza chikhatho.

"Aphunzitsi, sefa ya mpweya ili kuti?"

"Anaichotsa amene anandigulitsa. Akuti kumigodi onse amachotsa, njinga imapuma bwino, imakokanso."

Waseka mpaka wakhala pansi. "Imapuma! Inunso yasamulani kukamwa, muthamange mpaka ku Maradi ndi fumbi ili, tione mmene mupumire."

Wandilowetsa chala m'paipi yopita ku kabureta. Mchenga. Wandidonthezera oyilo pazala kuti nditikite. Mchenganso, oyiloyo wotuwa ngati phulusa. Pulagi yakuda bii, yonyowa. Kiki waikankha ndi dzanja lokha, yatsika osalimba.

"Injini yakhala ikudya mchenga miyezi isanu. Maringi a pisitoni atha."

Chondiwawa n'choti kulira kwakeko ndinkakukonda. Ndinkafuna mudzi wonse uzimva kuti aphunzitsi akudutsa. Chitsiru ine.

Lachinayi, 17 Januwale

Injini ili zidutswazidutswa pa thumba. Silinda yakandika, koma S. akuti ikhoza kupirira. Wachotsa maringi pa njinga ina yakufa imene ili kuseri kwa nyumba yake. Kabureta tatsuka ndi petulo katatu, paipi ndapukuta ndekha mpaka nsanza yatuluka yoyera. Oyilo watsopano.

Sefa palibe. S. waimbira ogulitsa ku Maradi, akuti ifika sabata yamawa. Sabata yamawa!

Ndakagwada kwa Laouali wa sitolo kuti andibwereke njinga yake. Wandipatsa tiyi, wandifunsa za mwana, kenako akuti, "Pepani aphunzitsi, koma munthu amene anagulitsa mbuzi za mkazi wake, njinga yanga angaitani?" Anthu a pabenchi n'kuyang'ana pansi. Kani mudzi wonse umadziwa. Ine ndekha ndimaganiza kuti ndabisa.

Lachisanu, 18 Januwale

Injini tabwezera. Tayesa sokosi m'malo mwa sefa, yabanika n'kuzima. Tayesa nsalu yanga ya kumutu. S. waiyang'anitsa padzuwa, kuwala kukudutsa. "Pamene padutsa dzuwa, fumbi lidutsanso."

Akuti pafunika siponji, yokhuthala zala ziwiri, yonyowetsedwa ndi oyilo. "Popanda imeneyo maringi akalewa safika ngakhale theka la njira. Mudzafera m'tchire, inu ndi nkhosa yanu yomwe. Kiyi sindikupatsani." Wayika kiyi m'thumba la mkanjo wake n'kupita ku swala kumzikiti.

Ndazungulira mudzi wonse. Kuno anthu amagona pa mphasa, siponji uitenga kuti? Wogulitsa matiresi amabwera tsiku la msika waukulu, Lachiwiri.

Ndipo ndimadziwa kuyambira pachiyambi pamene pali siponji. Kuchipinda kwanga. Matiresi a Z., amene mayi ake anamugulira pa ukwati, aja anabwera nawo azakhali ake ndi nthungululu. Zam'chipinda cha mkazi n'zake, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa.

Ndakhala pamenepo lezala ili m'manja. Kachidutswa kakang'ono, pakona, n'kusokanso nsalu yake. Sangadziwe. Akadziwa ndidzamufotokozera. Mawu omwewa ndinadziuza tsiku lija ndimakoka mbuzi kupita kumsika.

Lezala ndaisiya pa zenera.

Ndaimbira Hadiza katatu. Kachitatu wayankha. "Alamu, sakufuna kulankhula nanu." Ndati umuuze kuti sindikufuna kudzilungamitsa, pali chinthu chake chimene ndikufuna kupempha. Akuti auza.

Sanaimbe. Nkhosa ndaipatsa masamba a mtedza, ine chakudya chakana kulowa. Ndalira, ndisaname.

Loweruka, 19 Januwale

M'mawa wonse foni zii. S. wabwera ndi njinga mokankha mpaka pakhomo, ndipo ndamuuza za matiresi. Akuti ndikapanda kunyamuka dzuwa lisanafike pamutu, mdima undipeza pamchenga wa kuchigwa, ndipo nyali ya njingayi ndi yosadalirika.

"Dulani basi, aphunzitsi! Mukafika ndi nkhosa zonse ziiwalika."

Ndati ayi. Wanditchula dzina limene sindilemba muno, n'kukhala pa mwala kudikira.

Itangokwana 11 foni yalira. Osati Hadiza. Iyeyo. Mawu otopa, ndipo chapafupi kamwana kakulira. Koyamba kumumva mwana wanga. Ndakhala pansi pafumbi.

"Akuti mukupempha," watero Z. "Inuyo? Mwayamba liti?"

Ndafotokoza zonse. Sefa, mchenga, maringi, siponji. Ndalankhula mothamanga ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Ndiye kuti mbuzi zanga zinagula njinga yodya mchenga, tsopano ikufunanso matiresi anga."

"Eya."

"Nanga ndikakana?"

"Sindidula. Ndiyamba wapansi ndi nkhosa, ngakhale ndikafike Lachiwiri bambo ako atatseka kale chipata."

Ndimangomva kamwana kakuyamwa, ndi mayi ake a Z. chapatali akufunsa kuti akulankhula ndi yani. Ndimaganiza kuti akufuna kudula foni.

"Mukudziwa mbali imene mumagona inu?"

"Ya kukhoma."

"Dulani kumeneko. Kumiyendo. Mbali yanga musaikhudze, nanga ine ndi mwana tidzagona pati?"

Ndadula ya kukhoma, kumiyendo. S. waifinya mu oyilo, waikanikiza m'bokosi, yalira pa kiki yachiwiri. Nkhosa tamanga kale kumbuyo, ikulira kuposa injini. S. akukuwa panja kuti ndisiye kulemba.

Z. wati "tidzagona". Ndiye kuti abwerera.