Francisko Akukana Chemba ya ku Halale

Aphungu,

Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo ndikukhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, Ruth, kuno ku Namitambo. Ndinali khukhi kwa mzungu wina ku Halale. Pochoka kumudzi ndinasiya Ruth ali ndi pakati, pobwera chaka chatha cha 1955 ndinapeza mwana, Francisko, akuthamanga kale ndi kuyankhula. Tsopano akuyandikira zaka zitatu.

Kunyumba kwa abwana ndinkaona mwana wawo akukhazikidwa pa chemba, kam'phika koyera kachitsulo kamene ana amabibiramo. Akangodya m'mawa ankakhala pamenepo osalira. Ndinati nayenso wanga asakhale mwana wa patchire. Ndinagula chemba yatsopano ya mlomo wabuluu, ndi kubwera nayo pa sitima mpaka ku Limbe nditaikulunga m'bulangete.

Tsiku loyamba ndinaiika pabwalo, patsinde pa mango, ndi kuitana alamu anga ndi anansi kuti adzaone mmene anthu otsogola amalerera ana. Nditamukhazikapo Francisko anakuwa ngati wakhalira makala a moto. Anthu anaseka, amayi ena mpaka kugwira nthiti. Ine manyazi anandigwira, ndinamupanikiza mapewa kuti asadzuke. Sanachite kanthu. Nditamusiya anathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kukabiba kumeneko. Ndinamukwapula ndi kamtengo, pang'ono chabe.

Kuyambira pamenepo ndi nkhondo. Kukodza amakodzeramo akafuna, koma zazikuluzi ayi. Kuseri kwa nkhokwe kuja ndinaikako minga. Tsopano akumatha masiku osabiba. Chimbudzi chikamufika amaima chilili, kupingasa miyendo, thukuta kamukamu. Mimba yauma gwa, chakudya akukankha. Chikatuluka n'chouma ngati cha mbuzi, ndipo amalira momvetsa chisoni.

Ruth anandiuza kuti, "Bambo a Francisko, mwanayu akangomva mapazi anu amabisala m'nsalu yanga." Ndinamuyankha kuti womupusitsa ndi iyeyo. Kenaka anabwera malume ake a Ruth, a Silvesta, n'kunena kuti mimba yotere ndi tsempho, kuti ine ndinkayenda ndi akazi ku Halale ndipo ndamudwalitsa mwana. Anati, "Muulule, mwana apeze mankhwala. Mukakana, tengani m'phika wanuwo muzipita kwanu." Aphungu, ine ndine Mkatolika, ukwati wathu ndi wa m'tchalitchi, ndipo nditha kulumbira pamaso pa abambo mfumu.

Mnzanga wina akuti ndimupope mwanayu madzi a sopo kumbuyo. Ine ndikuganiza zomumangirira pa chembapo ndi nsalu mpaka achite, kuti adziwe kuti pakhomo pali bambo. Chabwino n'chiti? Nanga mkazi amene amatsutsa mwamuna wake pa nkhani ya ukhondo ndimutani?

Ine wanu wovutika,
N.K., Namitambo

*

A N.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka pansi ndikufunafuna pamene mwana walakwa. Sindinapapeze. Ndapeza munthu wamkulu, wandevu, amene akulimbana ndi matako a mwana wa zaka zitatu, ndipo akugonja.

Munaitana mudzi kuti udzaonerere mwana wanu akubiba. Kodi inu mukamapita kuchimbudzi mumaitana alamu anu adzakhale pamphasa? Chitsulo chozizira, anthu akuseka, manja a munthu amene wangomudziwa dzulodzuloli akumupanikiza, pamapeto pake chikwapu. Mwanayo waphunzira msanga ndithu, ndi wanzeru. Waphunzira kuti kubiba kumaitana mavuto, ndiye akusunga. Akasunga chimauma, chikauma chimapweteka potuluka, chikapweteka amasunganso. Matenda ake ndi amenewo, ndipo munawayambitsa ndinu patsinde pa mango.

Mukuti mwana wa abwana sankalira. Inu munali kukhitchini, mukusenda mbatatesi. Miyezi imene wolera mwanayo ankamunyengerera simunaione.

Chemba si yoipa. Ukhondo mukuufunawo ndi wabwino, bibi wa pabwalo amaitana ntchentche ndi matenda otsekula m'mimba. Koma ukhondo mwauiwala kalekale. Chimene mukufuna tsopano n'kupambana, kuti aja anakusekani aleke kuseka.

Lero lomwe chotsani minga ija. Mwana abibe pamene wazolowera, wina akolope ndi khasu n'kukataya m'chimbudzi. Winayo akhoza kukhala inu, khasu silisankha dzanja. Chembayo ibisike kaye mpaka mimba itafewa ndipo mwana waleka kulira pochita. Muzimupatsa madzi akumwa pafupipafupi, papaya wakupsa, masamba a nkhwani kapena chisoso, ndi phala la mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Za sopo muzileke. Mnzanuyo akayambe wadzipopa yekha. Kuthira zinthu kumbuyo kwa mwana wamng'ono kumavulaza matumbo, kaya ndi sopo kaya ndi mizu ya kwa sing'anga. Za kumumangirira ndi nsalu sindiyankha, ndikuyesa munalemba mutatopa.

Mimba ikafewa, tulutsani chemba muiike kuseri kwa nkhokwe komweko, kumene iye anasankha yekha. Iyambe yaothera dzuwa kuti isazizire. Aisewere nayo, aikhalire atavala, aikokekoke. Ikakalika utoto musadandaule, sinabwere kudzakongoletsa nyumba. Pambuyo pake mayi ake azimukhazikapo akangotha kudya m'mawa, kanthawi kochepa, mapazi ali pansi. Ngati akufuna kunjuta pamwamba pake osakhalira, anjute, ndi mmene anazolowerera. Akachita mumuyamikire, mumupatse nthochi. Akakana mumusiye, mawa kulinso. Akaipitsira kabudula mumusambitse osatulutsa mawu. Zimenezi zimatenga milungu, mwina miyezi, ndipo masiku ena adzabwerera m'mbuyo.

Inuyo m'masiku oyambawa musayandikire chembayo. Ntchito yanu ndi ina, ndipo ndi yovuta kuposa iyi. Mwana uyu sakukudziwani. Mumunyamule paphewa popita kudimba, mumusemere kagalimoto ka chitsononkho, mumudyetse m'mbale yanu. Mkazi wanu anakuuzani zoona tsiku lija, inu n'kumutcha wopusitsa mwana. Mukufunsa kuti mumutani? Mumupepese.

A Silvesta nawonso sindiwasiya. Munthu wamkulu waona mdzukulu akulephera kudya, ndipo chimene chamufikira m'mutu ndi kuzenga mlandu wa akazi a ku Halale. Zimene munkachita kumeneko mukudziwa ndinu, mukazinene kwa abambo mfumu ngati zilipo. Koma musakalimbane nawo pabwalo, mudzangotaya banja chifukwa cha m'phika. Pitani kwawo mwaulemu, mukhale pansi, muwapemphe nthawi yoti muyese zimene ndanenazi. Mwana akayamba kudya ndi kusewera, mlandu wawo udzafota wokha.

Chenjezo langa nali. Ngati mwana ayamba kusanza, kutentha thupi, kutuluka magazi, kapena mimba ipitirira kutupa papaya atadya, musadikire sing'anga wa a Silvesta kapena nyuzipepala ya mwezi wamawa. Nyamukani naye inu ndi Ruth kupita kuchipatala cha mishoni dzuwa lisanakwere. Asisitere akakafunsa kuti zinayamba bwanji, musakakankhire mkazi wanu kutsogolo. Mukayankhe ndinu, ndipo mukanene zonse.

Aphungu