Tsitsi la Ramla Silibweretsa Mvula

Liwonde, 14 Novembala

Zubairu mlongo wanga,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu anga a Maness. Kuno tadzuka, Alhamdulillah, kungoti miyendo ya amayi ikuwawabe. Mvula sinagwebe, ndipo amene anafulumira kudzala mbewu zawapsera m'nthaka.

Sewero lako la pa wailesi timamvera Lachitatu lililonse, mpaka bambo a Ramla amatseka okala msanga. Pa depoti anthu amakambirana za dziko lako la m'tsogolo lija, Shire atauma, anthu akusaka madzi pa mabwato ouluka. Ndinkauza aliyense kuti wolembayo ndinkamubereka kumbuyo ine.

Kenako unabweretsa Namame, mtsikana wachialubino amene tsitsi lake likaponyedwa pamoto mitambo imasonkhana. Ndikudziwa unamupanga kukhala wabwino. Mwinanso unkafuna kusangalatsa Ramla wanga, poti khungu lawo ndi limodzi.

Tamva tsono zimene zachitika.

Lolemba lapitali Ramla akuchokera kusukulu, amayi awiri anamuimitsa pafupi ndi njanji. Wina anamugwira manja, wina anamuvula mpango n'kumudula tsitsi ndi lumo, mpaka kumucheka pamwamba pa khutu. Ramla akuti sanamukalipire n'komwe. Ankangoti pepa mwanawe, tikungofuna mvula, chimanga chatithera. Amayiwo anathawa ataona a Mahmudu, a kabaza aja, omwe anabwera naye kunyumba magazi ali pa yunifolomu. Kupolisi tinakanena. Kusukulu sanapitenso.

Nditakuimbira unati ndi nthano chabe, anthu amadziwa kusiyanitsa. Iyayi, Zubairu. Mabwato ouluka palibe angawapeze pamsika, koma Ramla amadutsa pamsewu tsiku lililonse. Zoti thupi la mwana ngati iyeyu lili ndi mphamvu sunapeke iwe. Unatola zimene anthu amanong'onezana kale, zomwe zija zinatilowetsa mantha zaka zapitazo mpaka kumamuperekeza ngakhale kuchimbudzi, ndipo wazipatsa nyimbo yokoma pa wailesi. Mutu umene unaumitsa Shire unalephera bwanji kupeka mwana wachialubino amene ndi mwana basi?

Ine ndinkafuna umuchotse Namame, afe. Ramla wakana. Akuti akafa, anthu azinena kuti wangosowa, monga amanenera za anthu achialubino kuti safa. Akuti ndikuuze iwe, amjomba ake, kuti m'seweromo anthu amumete Namame tsitsi lonse, alitenthe, adikire, mvula isagwe ngakhale dontho. Achite manyazi. Kenako Namame yemweyo akonze makina opopera madzi amene aliyense anawalephera, atavala chipewa chake, akuwerenga pepala ataliyandikiza kumaso ngati iye. Akutinso nthawi zina azikhala wamwano, chifukwa Namame wako ndi wofatsa mopusa.

Ndinaseka koyamba sabata ino.

Loweruka tikwera minibasi, ine ndi iye. Tikasinthira pa Balaka, tifika masana. Udzamuone bala lake ndi maso ako, ndipo mudzakhale pansi awiri kulemba gawo limenelo. Ukati akuluakulu a wailesi sangalole, udzanditengere kwa iwo ndikalankhule ndekha. Okala aziyang'anira bambo ake. Ine ku Liwonde sindibwerera mpaka nditamva ndi makutu anga tsitsi likupsa kumwamba kuli mbee.

Ndiwe mwini mbumba, Zubairu. Mwanayu akadzakula, wodzamuimira pa ukwati ndi pa milandu ndi iwe. Yambira pano.

Amayi akuti usaiwale mankhwala awo a miyendo. Upereke moni kwa a Maness ndi mwana wanu Kevin, uwauze akonze mphasa ziwiri. Allah akusunge, akupatsenso mtima womva.

Ndine mlongo wako,
Ayisha, mayi a Ramla