Ndasiya kuthira mchere, apongozi akuti ndasempha mwana

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndili pa chitengwa kuno ku Golomoti. Amuna anga, a Laisoni, ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano, moti mpunga wa ku Bwanje ndikulimbana nawo ndekha. Nkhani yanga ndi ya mwana wanga wachiwiri, Gabrieli, wazaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chatha anayamba kudzuka atatupa m'zikope, kenako mapazi, mpaka nsapato za kusukulu zinakana kulowa. Ku chipatala cha Mua atamuyeza mkodzo anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anamutenga magazi, ndipo adokotala anati impso zake sizikusefa bwino, matendawa ndi okhalitsa, komanso BP yake ndi yokwera. Ndisaname, ndinaseka. Ine BP ndinkaidziwa ngati matenda a mabwana a mimba zikuluzikulu, osati mwana wa sitandade 3. Anatipatsa mapiritsi, anati tizibwera kukayezetsa magazi miyezi itatu iliyonse, ndipo mchere tiuchepetse kwambiri.

Nditafika kunyumba ndinasiyiratu kuthira mchere mumphika. Ndimauika pa kambale kuti aliyense azidzithirira. Ndinkayesa ndachita zanzeru, osadziwa kuti ndadziputira nkhani. Apongozi anga aakazi anangoyang'ana masiku atatu, lachinayi anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Mkazi wosalakwa saopa mchere. Mwana watupa, mwamuna kulibe, dzanja lanu likuthawa mphika. Tifunsenso chiyani? Limeneli ndi tsempho, ululani munthuyo mwana achire."

Aphungu, ine chichokereni a Laisoni sindinayendepo ndi mwamuna aliyense. Mawuwo anandipweteka mpaka lero.

Sabata yatha ndinapeza Gabrieli akunyambita ufa wakuda m'manja. Anati, "Agogo akuti ndisakuuzeni." Ndinalawa, unali mchere wokhawokha wosakaniza ndi mizu. Mpake ulendo womaliza BP inali itakwera, ndipo nambala ina ya m'magazi imene adokotala amalemba m'buku la kuchipatala inali itasuntha. Apongozi akutinso magazi amene amamutenga ndiwo akumufoola, ndipo akuti ndikapita naye ku Lilongwe pa 14, tsiku lokayezetsanso, ndipitiriretu kwathu ku Mtakataka.

Mtima wanga ukuti ndipite naye basi. Koma nditani kuti mwana asamwe mankhwala a mbali ziwiri, komanso dzina langa liyere?

J.M., Golomoti

Amake Gabrieli,

Pa 14 pitani. Pamenepo palibe chokambirana, ndipo ndakondwa kuti mtima wanu wafika kale pomwepo.

Koma ndikuuzeni mosapsatira kuti kambale ka mchereko munaphonya nako. Inu munakulira konkuno, mukudziwa kuti mkazi akati "wina athire mchere" akuluakulu amamva zotani. Apongozi anu sanapeke nkhaniyi, angowerenga zimene maso awo aona, monga anaphunzitsidwira. Ndiye ayankheni m'chinenero chomwecho. Ndiwo zikapsa, patulani za Gabrieli m'kambale kake. Kenako tapani mchere ndi dzanja lanu, thirani mumphika iwo akuona, vundulani, muwapakulire. Chitani zimenezi tsiku ndi tsiku osanena kanthu. Ana ena awiriwo akamadya osatupa, funso likhala kwa apongoziwo.

Tsopano za magazi. Impso ndi sefa ya thupi. Zikafooka, zinyalala zoyenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi, ndipo nambala imene mwaionayo mwina ndi yoyeza zinyalala zimenezo. Ikamakwera ndiye kuti sefa ikutopa. Amaonanso ngati magazi akuchepa m'thupi, poti impso zodwala zimachititsa zimenezo, komanso ngati michere ina ya m'magazi yapyola muyeso. Kamagazi kamene amatengako sikadzadza n'komwe supuni ziwiri, ndipo thupi limabwezeretsa msanga. Chomufoola mwana ndi matendawo, osati jakisoni.

BP ya mwana si nthabwala ayi. Impso zodwala zimakweza BP, BP nayo imabwerera kukawononga impso zomwezo, ndiye zimangothamangitsana. Choipa chake siipweteka. Kutupa kutha kuphwa, mwana n'kumathamangitsa mpira ngati mnzake aliyense, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake mapiritsi sasiyidwa poti lero wadzuka bwino. Pakati pa maulendo a ku Lilongwe muzikamuyezetsa BP pachipatala chapafupi, ndipo nambala zake azikulemberani m'buku lija.

Ufa wakudawo mutengeko pang'ono m'kapepala, mukaonetse adokotala, muwauze masiku amene wakhala akunyambita. Musachite manyazi, amva zoposa zimenezi. Muwafunsenso za chidulo, soda wa therere, nsomba zamchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo, poti mchere wambiri umabisala mmenemo. Mutu ukamupweteka musathamangire kugolosale, mapiritsi ena oletsa ululu, monga bulufeni, ndi adani a impso.

Apongozi musawaone ngati mfiti. Munthu amene akuyenda mtunda kukafuna mizu ndiye kuti mdzukulu akumufuna wamoyo. Apempheni mwaulemu kuti akuperekezeni pa 14, akaone okha lamba woyezera BP akufufuma pamkono wa mwana, akamve kwa adokotala kuti mchere ukumuchita chiyani. Akakana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, buku la kuchipatala lili m'manja. A Laisoni aimbireni foni lero lomwe, nkhaniyi aimve kwa inu isanawafike yokazinga. Mwana ndi wawonso, alankhule ndi mayi awo. Gabrieli yemwe muuzeni modekha kuti chilichonse chimene wapatsidwa ayambe wakuonetsani, ndipo simudzamukalipira.

Chenjezo langa ndi ili. Akadandaula mutu kwambiri, akamasanza, akati maso akuchita chidima, mkodzo ukachepa kapena akakomoka, musadikire pa 14, musadikirenso chilolezo cha munthu. Kwerani kabaza kapena minibasi yoyamba. Zoti mupitiriretu ku Mtakataka zisakunjenjemeretseni. Mlandu suola, ankhoswe adzaukamba ngakhale chaka chamawa, ndipo mkazi wothamangitsidwa amakatengedwanso. Impso ikafa palibe nkhoswe amene angakaitenge.

Aphungu