Mwala wa malire pansi pa matiresi a Kabatani

Okondedwa amayi,

Kuno kwacha ndi mvula yowaza, yosamveka n'komwe pamalata. Chimene chikumveka ndi madzi odonthera m'ndowa pakhonde, ndi wilibala ya anthu amene akututa njerwa tsidya la msewu. Ndati ndilembe ndisanapite kusukulu. Kaya inu mwadzuka bwanji? Bondo lija likukulolani kuyenda? Ine m'thupi ndili bwino. Malume ndi aanti alinso bwino, ndipo mwana wawo wamera mano, akuluma aliyense womunyamula.

Sukulu ikuyenda, mayeso otsiriza ayandikira. Nsapato yakumanzere inayasama kutsogolo koma ndamata, musade nayo nkhawa.

Chimene ndalembera ndi nkhani ya Kabatani, mnzanga uja ndinakuuzani patchuthi, mwana wa atelala a nyumba yoyang'anana ndi yathu. Mukudziwa kuti ine kucheza sindikutha. Chibwerereni kuno ndi iye yekha amene amandidikirira pageti tikaweruka. Njira yonse amalankhula ndi iye, ine n'kumangomvera, ndipo amauza anthu kuti akuyenda ndi wailesi yopanda batire.

Puloti yoyandikana ndi yawo inagulidwa ndi mayi wina, namwino, amene akufuna kumanga mpanda. Amisiri ake atatambasula chingwe anati chipinda chakumapeto cha atelala, chogona Kabatani, chalowa m'malo a mayiyo. Atelala anakana. Anati iwo anamanga motsata chipilala cha simenti chimene anawalozera amene anawagulitsa malowo. Mkangano unakafika ku ofesi yoona za malo, kumene anagamula kuti mbali ziwirizo zigwirizane woyeza mmodzi, ndipo zimene akapeze zitsatidwe. Namwino anatchula malume, poti kuyeza malo ndiyo ntchito yawo. Atelala ankakayika, ndipo amene anapita kukawalimbitsa mtima ndine. Ndinawauza kuti malume sakondera munthu, akangoyeza nkhani itha ndipo chipinda chikhala. Anaseka, nati ngati mwana wosalankhulayu walankhula ndiye kuti n'zoona.

Tinayeza Loweruka m'mawa. Ntchitoyi umayambira pa mwala wa malire wodziwika, n'kuyeza mtunda ndi ngodya kukafika pa wina, kenako wina, mpaka kuzungulira n'kubwerera pamene unayambira. Malume anali pa makina awo a miyendo itatu, ine ndinagwira ndodo ya mizere yofiira ndi yoyera, Kabatani anadzipereka yekha kukoka tepi. Ankati ndaima ngati kakowa wodikira nsomba m'chithaphwi chouma. Anafunsanso malume ngati makina oona patali chonchi sangatisuzumirireko mafunso a mayeso mu ofesi ya ahedi. Malume saseka akakhala pantchito, koma tsiku limenelo anaseka mpaka kuchotsa diso pagalasi.

Miyala itatu tinaipeza. Wachinayi, wa pakati pa atelala ndi namwino, sunaoneke. Chipilala chija malume anangochigunda ndi phazi, nati n'chotsalira cha mpanda wakale. Kuti adziwe pamene pali mwala weniweni anaima pa miyala iwiri yodziwika n'kutenga ngodya pa uliwonse, chifukwa pamene mizere iwiriyo yakumana mpamene pamakhala wosowawo.

Masana masamu anandipatsa ine, monga amachitira masiku ano, iwo n'kudzangoona kumapeto. Ndinakhala patebulo lodyera ndi kakyuleta yawo. Mizere inakumana m'kati mwa chipinda cha Kabatani. Ndinafufuta n'kuyambiranso, zinatuluka zomwezo. Ndinayesa njira ina, kugawa puloti yonse m'zidutswa za ngodya zitatu n'kuphatikiza kukula kwake. Malo amene atelala akhalapo anaposa olembedwa papepala lawo, ndipo chopitiriracho chinali mbali ya chipindacho.

Pali chinthu china, amayi. Pozungulira paja subwerera ndendende pamene unayambira. Pamatsala kampata, ndipo lamulo lake n'lakuti ukagawire mbali zonse pang'onopang'ono. Ine ndinapempha malume kuti kampata konseko tikapereke kwa atelala. Anati kampatako n'kosakwana chala changa, pamene khoma lalowa motalika kuposa ine nditagona pansi. Anatinso ngakhale kakanakhala kakakulu, munthu akakankha nambala lero chifukwa cha chisoni, mawa adzaikankha chifukwa cha zina. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Atelala atamva anati za papepala sazidziwa, akufuna kuona ndi maso awo. Tinalowa m'chipindamo, Kabatani anakokera matiresi ake pambali, malume anajambula kamtanda pansi ndi choko. Piki anagwira atelala eni ake. Simenti itasweka anafukula pang'ono ndi manja, mwala uja n'kuonekera, ndi kachitsulo kake pakati, pamalo pomwe Kabatani amatsamiritsa mutu. Atelala anatsamiritsa piki kukhoma, anapukuta manja pathalauza, nathokoza malume mwaulemu wonse, ngati munthu wawabweretsera nsalu yoti asoke. Kabatani anandifunsa ngati masamuwo ndinachita ndine. Ndinavomera. Anati ndakhoza, aphunzitsi akanandipatsa malikisi onse. Kenako anasenza matiresi natuluka, ndipo chiyambire pamenepo sanandilankhulenso.

Chipindacho chinagwetsedwa sabata yatha. Namwino si munthu woipa, anawapatsa nthawi ndipo anawathandiza ndi wilibala. Koma pogwetsa khoma denga la chipinda chotsalacho linaphwasuka, mvula inalowa, ndiye banja lonse linakabisala kwa m'bale wa amayi ake a Kabatani, kutali kumapeto kwa tauni kumene munthu sangachokere m'mawa n'kupeza belu lisanalire. Kusukulu sakubwera, chonsecho dzina lake lili kale pa olemba mayeso. Padesiki pathu ndimaika chikwama mbali yake kuti wina asakhalepo. Aphunzitsi a masamu anandiyamikira dzana pamaso pa kalasi chifukwa cha ngodya zomwezi, ine ndinangoyang'ana chikwamacho.

Malume nawo sizikuwakomera. Akatuluka m'mawa sadutsanso kutsogolo, amazungulira njira yakuseri, ndipo jekete lawo lothothoka batani akulivala choncho, poti wosoka anali atelala omwewo.

Pempho langa ndi limodzi. Ngakhale denga litakonzedwa, atelala atsala ndi chipinda chimodzi, ndipo mnyamata wamkulu ngati Kabatani sangagone pamodzi ndi makolo ndi mlongo wake. Ndinapempha kuti adzagone m'chipinda changa kufikira mayeso atatha. Aanti anavomera, anati mbale imodzi yowonjezera siphetsa munthu. Malume akukana. Akuti mapepala sanasainidwe ku ofesi, ndipo woyeza sasunga m'nyumba mwake munthu wa mbali imodzi ya mlandu. Ndikumva zimene akunena, koma ofesiyo ikamadzasaina mayeso adzakhala atapita. Mlongo wanuyu ine sangandimvere, koma inu amakuopani, ndinu munamulera. Chonde muwaimbire foni. Muwauze kuti bulangeti ndi langa lomwe, sopo tidzagawana, ndipo ine ndidzapitiriza kuwagwirira ndodo Loweruka lililonse osanyinyirika. Musawauze kuti ndinalira, ndinachita zimenezo kubafa iwo osadziwa.

Mundiperekere moni kwa agogo aamuna, muwauze kuti magalasi awo malume sanaiwale. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa mlongo wanga, ndi kwa mng'ono wanga amene ndamva kuti watenga bedi langa. Aligonere, koma mabuku a pansi pake asang'ambe.

Dzulo madzulo ena a kwa atelala abwerera. Abwera atelala atanyamula mutu wa makina osokera paphewa, amayi ake a Kabatani ndi khanda kumsana, ndi mlongo wake wamkulu atasenza beseni la ziwiya. Afolera denga ndi pulasitiki wakuda, agona momwemo. Galu wawo anali atabwera kale yekha. Kabatani sanabwere. Ndinakumana ndi mlongo wake pampopi, ndipo anati uthenga wanga unafika, koma atamuuza Kabatani kuti ine ndikumufunira malo, iye anangopitiriza kumanga zingwe za nsapato. Foni ija muimbebe, amayi.

Tsalani bwino, bondolo muzilipumitsa.

Ndine mwana wanu wachisamba.