Makina a Mai a Mapasa

Lamlungu, 2 Malichi
Mwezi wachinayi, phindu palibe. Abusa akuti ndalama zachedwa chifukwa pakati pathu pali wokayika. Maso onse kwa ine. Inde, ndine amene. Ndinangofunsa kuti kampani yawo yogula golide ija ili kuti. Penshoni yanga yonse ili m'menemo, zaka makumi atatu ndikutsuka mabala kuchipatala. Iwo nsapato zatsopano, zikulira paguwa.

Lachiwiri, 4 Malichi
Chikundiwawa kwambiri si penshoni. Ndi umboni uja. Mwezi woyamba anandipatsa envulopu yonenepa, amvekere ndiime kutsogolo ndinene zimene Mulungu wandichitira. Ndinaima. Ndinavina ndi bondo langa lodwalali. Mawa lake Mai a mapasa, mnzanga wa benchi limodzi zaka zonsezi, anagulitsa makina awo osokera n'kukapereka. Lero ndiye ndazindikira: m'envulopu muja munali ndalama zanga zomwe. Nyambo ndinali ine.

Lachisanu, 7 Malichi
Kupolisi. Wapolisi wamkazi, waulemu. Akuti mlandu uyenda bwino tikakhala odandaula awiri kapena atatu, ndi malisiti athu. Ndazungulira nyumba zisanu. Mkulu wa kwaya akuti, "Amayi, munthu wa Mulungu satengeredwa kupolisi." Ndati nanga munthu wa Mulungu amadya penshoni ya amasiye? Chitseko phwa! Mai a mapasa sanatuluke n'komwe. Ndinasuzumira pawindo. Pomwe pankakhala makina patsala kampando kokha.

Lamlungu, 9 Malichi
Andichotsa m'komiti ya amayi. Malo anga apatsa wina. Ndakhala kumbuyo pafupi ndi matsache, ndipo ndaimba mokweza kuposa onse. Tchalitchi si cha bambo awo, njerwa zake ndinasenza nawo pamutu pangapa. Abusa abwera ndi zatsopano: wofuna kuti phindu lake litseguke awonjezere mbewu, ndiye kuti ndalama zina. Anthu aimvi mbuu anadzuka, maenvulopu m'manja. Ndinalira, koma ndi mkwiyo.

Lachinayi, 13 Malichi
Mwana wanga pafoni: "Amayi, zisiyeni, BP ikwera." Ikwere. Shuga watha m'nyumba muno. Mapiritsi a bondo atsala atatu. Lolemba ndikupita kupolisi, kaya ndekha kaya ndi wina.

Lolemba, 17 Malichi
Pabenchi la kupolisi kuyambira eyiti koloko, lisiti m'chikwama. Ndekhandekha. Cha m'ma teni ndangoona Mai a mapasa pakhomo. Moni sanandipatse. Anakakhala kumapeto kwa benchi, n'kutulutsa lisiti lopinda kanayi m'buku lawo la nyimbo.
"Sindinakukhululukireni," anatero. "Koma makina anga ndikuwafuna. Kulemba sinditha, mundionetse podinda chala."
Atatiitana, ndinawagwira dzanja. Sanalichotse.