Msomali Wautali

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Dzivarasekwa tilipo.

Ndiyambe ndi zabwino. Alamu anga, akazi a achimwene a Lameki, achira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu, Esitere. Watenga mphumi yanu, ndipo akakwiya amatsinzina diso limodzi monga munkachitira inu tikataya mchere. A Lameki akadali ku Glen View, kukhoma masofa padzuwa. Ana awo aakulu aja Chichewa chikuwathawa. Ndikawalankhula amandiyang'ana mwaulemu n'kuyankha m'Chishona. Kamunda kanu ka m'mbali mwa msewu ndinalima, chimanga chinachita bwino, koma ena anayamba kukolola ine ndisanafike. Chotsalacho tinadya.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi china. Ndachita kanthu pamanda panu, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mwini.

Ntchito ija ndikadali nayo, ya kandege kojambula minda, kamene munkakatcha chiwala. Munkati ine ndine munthu woyamba pamtundu pathu kulipidwa chifukwa chosewera. Sindinakufotokozereni bwino muli moyo, ndiye mverani lero. Kandegeko, droni, kamauluka pamwamba pa munda kakujambula zithunzi zambirimbiri. Kenako kompyuta imazilumikiza ngati zigamba za bulangete lanu lija, n'kutuluka mapu a munda wonse. Vuto lake ndi lakuti kandegeko sikadziwa bwinobwino pamene kali. Kamafunsa ku masetilaiti akumwamba, ndipo yankho limaphonya ndi mapazi angapo. Mukajambula munda lero n'kudzaujambulanso mwezi wamawa, mumapeza chulu chomwecho chasuntha. Sichinasunthe chulucho, anama ndi mapu.

Mankhwala ake alipo. Pali makina ena a miyendo itatu amene timaimika pansi, pamalo amodzi odziwika. Amakhala pamenepo kumvetsera kumwamba, n'kumauza kandege kuti waphonya mwakuti, konza. Koma pamafunika kuti ulendo uliwonse aime pamalo omwewo ndendende. Malowo akasuntha, zonse zasuntha.

Tsopano, Amayi, ntchitoyi inatifikitsa ku pulazi kwathu kuja, kumene munandiberekera, kumene mwagona inu ndi Ababa. Kuli mwini wina watsopano. Komboni yathu anaigwetsa kalekale, mitengo ya kumanda inathera m'mabani a fodya. Munthu wachilendo akhoza kudutsapo osadziwa kuti pali anthu. Mitumbira yambiri inatitimira, wa Ababa womwe. Chooneka ndi simenti ija tinathira pa inu ine ndi a Lameki.

Mwini pulaziyo akufuna kuika pivoti, chitsulo chachitali cha matayala chimene chimayenda mozungulira chikuthirira mbewu. Tinamupangira mapu kawiri. Pa mapu oyamba, tayala lomaliza limadutsa kunja kwa manda. Pa achiwiri, limadula ngodya imene muli inu ndi Ababa. Ndinamuuza kuti pamenepo pagona makolo anga. Anandipepesa bwinobwino, si munthu wankhanza, koma anati, “Ndibweretsereni mapu amodzi osavina, ndiye tione.” Mawu akuti tione ndimawadziwa, ndinakula nawo.

Ndiye tinayamba kufuna malo osasuntha. Tinakhoma zitsulo pansi, otola zitsulo zakale anazula. A Lameki anandipangira matabwa opaka penti yoyera ndi yakuda kuti azioneka kuchokera kumwamba. Titabwererako tinawapeza ali zitseko za makola a nkhuku. Tinaika miyala, thalakitala inaikwirira. Abwana anga anayamba kutopa, ndipo mwini pulazi anati mvula isanagwe pivoti ikhala itaima, mapu alipo kapena palibe. Masiku amenewo ndinkakwera kombi, minibasi ya kuno, m'mawa mtima uli m'malere. Ndinkaona tayala lija likuyenda pa inu tsiku ndi tsiku, madzi akukuthirani ngati ndinu tirigu.

Tsiku lina masana ndinaima kunja kwa manda ndikuyang'ana simenti yanu, ndipo ndinazindikira kuti pa pulazi yonseyo ndi chinthu chokhacho chimene wakuba sangakhudze.

Sindinalowe ndekha, musadandaule. Ndinapita ku Hopley kwa amalume a Jailosi, achimwene anu. Akalamba, maso akuchita chimbuuzi, koma pakamwa ndi pomwe paja. Nditafotokoza anati, “Iwe Ireni, manda si ofesi. Mlongo wanga anavutika mokwanira, ukufuna umulembenso ntchito pa pulazi ya eni?” Ndinangowauza za tayala. Atamva, anaitanitsa jekete lawo.

Tinapita nawo. Anavula nsapato, nanenso ndinavula. Anagwada, kuomba m'manja, kuwaza ufa pang'ono, n'kukuuzani zimene tabwerera. Mwina munamva. Anandilamula kuti kumutu ndisayandikireko, zonse zichitike kumiyendo. Ndiye pangodya ya simenti, kumiyendo kwanu, ndinaboola kabowo n'kukhomamo msomali wamkuwa. Pamwamba pa msomaliwo ndi pamene makina aja amaima.

Ndikukhoma msomaliwo, Amayi, ndinakumbukira mawu anu. Kulikonse tinakhala, ku komboni, m'kachisakasa ka ku Hopley, m'chipinda cha lendi kuno, ndikafuna kupachika galasi kapena kalendala munkati, “Usakhome msomali wautali, mwanawe, khoma ndi la eni, mawa tisamuka.” Ndipo tinkasamukadi. Munabadwira m'dziko lino koma mpaka imfa anthu ankakufunsani kuti kwanu n'kuti. Ku Malawi kumene ankakulozerani simunapondeko. Katundu wanu ankakhala womangamanga pansi pa bedi. Msomali umene ndakhoma pa inu ndi wautali kuposa chala changa.

Tinaulutsa kandege tsiku lomwelo, tinabweranso sabata ina, tinabweranso kachitatu. Mapu onse anagwirizana bwinobwino, chulu pa chulu, ngalande pa ngalande. Ndipo ananena zimene ndinkaopa. Tayala lomaliza likanadutsa pa Ababa, n'kukhudza simenti yanu.

Tinakamuonetsa mwini pulazi. Anayang'ana, n'kuloza kadontho kamene kanali pangodya, kufunsa kuti n'chiyani. Abwana anga anamuuza kuti minda yake yonse tsopano ikuyezedwa kuchokera pamenepo, mizere, mapaipi, malire, ndipo simentiyo ikangosweka kapena kutitimira, ntchito yonse iyambiranso. Sanachedwe kuganiza. Pivoti anaisunthira kumadzulo. Pamene ndinabwererako ndinapeza manda onse atazunguliridwa ndi waya watsopano, ndipo mlonda wauzidwa kuti azidutsako.

Ndiyenera kusangalala, ndipo ndikusangalala. Ababa apulumuka, ndi anansi athu onse a ku komboni amene mayina awo aiwalika. Koma ndikuuzeni zoona, mtima ukundiwawa. Pamene ndinati pagona amayi anga, ndinauzidwa kuti tione. Pamene zinamveka kuti pali msomali, waya anabwera sabata yomweyo. Munapalira minda imeneyo mpaka msana unapindika, ndipo palibe anakutetezani ndi waya muli moyo. Mawu a amalume aja amandibwerera. Mwina ndakulembanidi ntchito. Ngati ndakulakwirani, mundikhululukire. Njira ina ndinaifuna, sindinaipeze.

Chimene chimanditonthoza ndi ichi. Ndikatsegula mapu a pulaziyo pa kompyuta, kadontho kanu ndi koyamba. Anzanga anafuna kukapatsa nambala, ine ndinalemba Esitere, ndipo dzinalo lakhala. Tsiku lina ndinamva mnzanga wa ku ntchito, amene sanakuonenipo, akufunsa pa foni kuti damu lili kutali bwanji kuchokera pa Esitere. Ndinatuluka panja kukalira.

Mvula isanayambe tibwera ndi a Lameki kudzathira simenti pa Ababa. Malo awo tsopano ndikuwadziwa, mapu aja aonetsa pamene panatitimira, ali kudzanja lanu lamanja monga munapempha. Amalume ati abweranso ngati miyendo ilola. Ndipo kamtsikanaka kakadzakula ndidzakabweretsa, kadzaone pamene mwini dzina anakhazikika. Izi ndalonjeza.

Moyo wanu wonse munali wosamuka. Tsopano masulani katundu, Amayi. Palibenso amene adzakuuzeni kuti mawa muchoke.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Ireni