Fupa Limene Anawongola Alamu

Lolemba, 3 Juni
Ndaterereka kubafa, dzanja lamanja pansi. Polumikizira dzanja ndi mkono patupa ngati mbatata. Ine ndati kuchipatala. Abambo a mwana akuti achimwene awo abwere kaye. Alamu amenewa, poti kalekale ankanyamula chikwama cha mankhwala kutimu ya mpira, mpaka lero ndiwo dokotala wa mtundu wonse. Madzi otentha, kukoka, khwa! Ndakuwa mpaka aneba kutuluka. Iwo: "Labwerera m'malo, mlamu. Mantha basi."

Lachisanu, 21 Juni
Ndikulembabe ndi lamanzere, zilembo ngati popalasa nkhuku. Kusaluni osapita. Ndi chipeso chomwe chikundipulumuka. Woluka tsitsi wopanda dzanja adya chiyani? Mkwatibwi wanga wamawa wapita kwa mayi wa khomo loyang'anana, uja amaluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Alamu akuti ndizifinya ndimu, liphwa. Nzeru zakuya zedi.

Lachiwiri, 2 Julayi
Ndapita ndekha kuchipatala, osatsanzika munthu. Kachipinda kozizira, chovala cholemera pachifuwa. Wojambula mafupa wajambula manja onse awiri, chafufumimba ndi cham'mbali, kuti afananitse. Adokotala apachika zithunzi pagalasi lowala. Lamanzere, mafupa ali pamzere. Lamanja, fupa linathyoka, lagwirana litakhota, dzanja lonse lasendera kumbali. Ngakhale mwana angaone. "Anakukokani ndani, mayi?" Pofunika opaleshoni, alithyolenso, aike kachitsulo. Ndafunsa zoluka. Akuti tiona. Ndalira m'basi yonse, anthu akuyang'ana.

Lachitatu, 3 Julayi
Abambo a mwana achitembenuzatembenuza chithunzicho ngati akudziwa kumwamba kwake. Za dzanja langa sanafunse. Akuti: "Chibise, achimwene angachite manyazi. Chibale n'fupa, sichiola." Ehe, fupa lakwawo alisamala. Ndawasiya atsuke okha mbale, aphwanya kapu.

Lamulungu, 7 Julayi
Lero mtundu wonse ukudzadya kuno. Chithunzi ndachimata pawindo lapabalaza, polowera dzuwa, moyang'anana ndi mpando umene alamu amaukonda. Chikuwala bwino, kukhota konse poyera. Abambo a mwana akuzungulira, akuopa kuchichotsa pamaso pa mayi awo. Apongoziwo avala magalasi, akufunsa kuti dzanja lopindika chonchi ndi la ndani. Ndati dikirani pang'ono, amayi, mwini ntchito afotokoza yekha.

Ndi awo akugogoda.